Kalata Yotseguka kwa Oyang'anira Ndalama Zothandizira Aluso Kukulitsa Ntchito Yawo

Kwa olemekezeka apampando ndi mamembala a mabodi, akuluakulu a nthambi za boma zoona za chikhalidwe, ndi atsogoleri a mabungwe opereka thandizo la ndalama kwa aluso,

Landirani moni wathu waulemu. Tikuthokoza kuti pakati pa zosowa zambirimbiri zolimbirana ndalama zomwezo, mumapatulako kenakake koti woyimba, wosema, wovina, wolemba kapena wojambula akaonjezere luso lake. Tikulemba ndife ogwira ntchito m'gawo lomweli: aphunzitsi a zaluso, oyendetsa magulu a zisudzo, ndi othandiza anzathu kulemba mafomu ndi mabajeti. Kalatayi taiika poyera dala, kuti eni nkhaniyi aiwerenge nawo, aigawane, ndipo aonjezere zimene tasiya.

Chatikakamiza kulemba ndi chizolowezi chimene chazika mizu m'matumba ambiri a ndalama zotere: kuuza waluso kuti ayambe wagwiritsa ntchito ndalama zake adzabwezeredwa akabweretsa malisiti, kuitanitsa mafomu kamodzi kokha pachaka, ndi kuthira ndalama zophunzitsira anthu m'misonkhano ya masiku atatu. Ndalama n'zochepa, zimenezo tonse tikudziwa, ndipo sitinabwere kudzalira za kuchepako. Nkhani yathu ndi malamulo operekera zochepazo. Analembedwa ngati kuti wopempha ndi bungwe lokhala ndi akauntanti, mlembi ndi ndalama zosungira kubanki, pamene wopempha weniweni ndi munthu mmodzi amene akasiya ntchito mlungu umodzi pakhomo pake pamavuta. Zotsatira zake n'zakuti thandizo limagwera iwo amene akanatha kudzilipirira okha.

Dandaulo loyamba, lomwenso ndi lalikulu, ndi nthawi. Mwayi wophunzira sudikira kalendala ya ofesi. Wovina akaitanidwa kukakhala miyezi iwiri ndi gulu la kunja, kapena wokonza mafilimu akapatsidwa malo pa maphunziro ena, oitanawo amamupatsa milungu yochepa kuti avomere ndi kulipira dipoziti. Tiyeni tiwerenge chobwerera m'mbuyo potengera munthu wofunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Malamulo a vizayi amalola kupereka mapepala kutatsala miyezi 6, ndipo pasachepere masiku 15 ulendo usanachitike. Yankho limayenera kutuluka m'masiku 15, koma akhoza kulitalikitsa mpaka masiku 45. Kuyambira mu June 2024 munthu wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo akamukana ndalamayo sibwerera. Tsiku lokapereka mapepala ayenera kukhala ali kale ndi inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa kumene akagone, umboni wa ulendo wopita ndi wobwerera, komanso umboni woti ali ndi zodzisamalira. Umboni womalizawu, kwa waluso, kawirikawiri ndi kalata yanu yomweyo yomuuza kuti wapatsidwa thandizo. Onjezanipo milungu yodikira tsiku lokaonekera ku ofesi ya viza. Mukaphatikiza zonsezi, kalata yanu iyenera kukhala m'manja mwake kutatsala miyezi itatu kapena kuposerapo.

Tsono onani mmene ndondomeko imayendera mbali yanu. Mafomu atsekedwa, komiti ikumana patapita miyezi, bodi ivomereze, mgwirizano ulembedwe, usainidwe mbali zonse ziwiri, kenako pepala lipite ku ofesi ya zachuma kukadikira tsiku lolipira. Pamwamba pa zonsezi pali lamulo lakuti chilichonse chogulidwa mgwirizano usanasainidwe sichibwezedwa. Waluso akagula tikiti msanga, ikadali yotsika mtengo, mukana kumubwezera. Akadikira siginecha yanu, tikiti yakwera, tsiku la viza ladutsa, ndipo malo ake apatsidwa wina. Kumapeto kwa chaka mabuku anu amaonetsa ndalama zotsala, wina n'kunena kuti aluso sakufuna thandizo.

Nkhani ya kubweza pambuyo njowawa kwambiri. Amene alibe ndalama zoyambira ali ndi njira ziwiri: kusiya mwayiwo, kapena kukongola. Tiyerekeze kuti wakongola kwa wakatapila wotenga chiwongoladzanja cha 10 peresenti pamwezi, ndipo inu mwabweza patatha miyezi inayi. Pa 100 iliyonse, 40 yapita kwa wokongozayo, ndipo m'bajeti yanu mulibe mzere wolola chiwongoladzanja. Munthu amene mumati mwamuthandiza wabwerako ndi luso latsopano ndi ngongole yatsopano. Palinso zina zimene zimadya thandizo mwakachetechete: ndalama ikamachoka dziko lina kupita lina, mabanki apakati amadulako zawo, ndipo ngati bajeti inalembedwa m'ndalama ya dziko lanu pamene sukulu ikufuna madola kapena mayuro, kugwa kwa mphamvu ya ndalama pakati pa tsiku lopempha ndi tsiku lolipira kumagwera wophunzirayo. Mafomu ambiri alibe mzere wa zogwa mwadzidzidzi, ndipo ena amauletsa kumene.

Ena mwa inu mumaona maulendo ngati kusangalatsa anthu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Maiko anavomereza zimenezi polemba. Chikalata cha UNESCO chonena za udindo ndi ufulu wa waluso, chimene chinavomerezedwa ku Belgrade mu 1980, chimatchula maphunziro a aluso ndi kuyenda kwawo ngati zinthu zoyenera kuthandizidwa ndi maboma. Pangano la UNESCO la 2005, pa ndime 16, limapempha maiko olemera kuti azipereka mwayi wapadera kwa aluso ndi ogwira ntchito za chikhalidwe ochokera m'maiko amene akutukuka kumene. Pangano lomwelo, pa ndime 18, linakhazikitsa thumba la International Fund for Cultural Diversity, lomwe limapereka mpaka madola 100,000 pa pulojekiti imodzi. Koma thumba limenelo limalandira mapempho a nthambi za boma ndi mabungwe, munthu payekha sangapempheko. Ndiye kuti khomo la munthu payekha ndi lanu. Mukalitseka, alibenso kwina kogogoda.

Ndipo poti tili pa maulendo: woyimba sayenda ndi chikwama chokha. Zida zimafuna malipiro a katundu woonjezera m'ndege, bokosi lolimba, ndi inshuwalansi yakeyake. Maiko ambiri amalola kulowetsa zida kwa kanthawi popanda msonkho ngati pali chikalata cha ATA Carnet, chimene chimagwira ntchito mpaka chaka chimodzi koma chimalipiridwa ndipo chimafuna chikole. Chida chokhala ndi mnyanga, chikopa cha nyama yotetezedwa kapena mtengo wotetezedwa chimafunanso chilolezo cha CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zotetezedwa, apo ayi chikhoza kulandidwa pachipata. M'mafomu anu muli mzere umodzi wolembedwa kuti "ulendo", ndipo woyang'ana bajeti akaona zinazi amazifufuta poganiza kuti wopempha akukokomeza.

Dandaulo lachiwiri ndi fomu. Pa thandizo laling'ono loti munthu akaphunzire miyezi itatu, mumafunsa zimene mungafunse bungwe lomanga nyumba ya zisudzo: satifiketi yolembetsera bungwe, mabuku a ndalama ounikidwa ndi oditala, ndondomeko ya zaka zingapo, tebulo la zolinga ndi zizindikiro zoyezera zotsatira. Wosema waluso lodziwika alibe chimodzi mwa zimenezi, ndipo si mlandu wake. Achite bwanji? Amakapempha bungwe lina kuti limulandirire ndalama, bungwelo n'kudulako gawo lake, kapena amalemba ganyu munthu wodziwa chilankhulo cha maofesi kuti amulembere, n'kugwirizana kuti akapambana agawana. Motero komiti yanu imakhala ikuyesa luso la wolemba ganyuyo. Mafomu a pa intaneti nawo ali ndi misampha yake: tsamba limatseka lokha munthu asanasunge zimene walemba, vidiyo yoonetsa ntchito imakanidwa chifukwa yakula, ndipo tsiku lomaliza makina amalemedwa. Fomu ikakhala m'chilankhulo chimodzi chokha, mwasankha kale opambana musanawerenge pempho ndi limodzi lomwe. Chimodzimodzi wosaona kapena wosamva akapanda kupatsidwa njira ina yopemphera. Bungwe la Arts Council England limalipira munthu wothandiza wopempha wolumala kulemba fomu yake. Ndi chinthu chochitika, ndipo sichidula poyerekeza ndi thumba lonse.

Palinso lamulo loti wopempha apeze kaye gawo la ndalama kwina. Kwa bungwe lalikulu lamuloli lili ndi tanthauzo. Kwa munthu payekha ndi njira ina yomufunsira ngati ali ndi m'bale wolemera.

Dandaulo lachitatu likukhudza chimene mumachitcha maphunziro. Tikupemphani mutsegule bajeti ya msonkhano wanu womaliza wa masiku atatu, muwerenge mizere: chipinda cha msonkhano, zakudya, malo ogona, maalawansi, mayendedwe, zikwangwani, wojambula zithunzi, kenako mphunzitsi. Onani gawo limene lapita ku kuphunzira kwenikweni. Tikumvetsa chifukwa chake misonkhano imakondedwa: ndalama zimatuluka msanga, malisiti amachokera pamalo amodzi, ndipo lipoti limakhala ndi nambala yaikulu ya anthu ophunzitsidwa. Koma alawansi imakoka anthu ongofuna alawansiyo, nkhope zomwezomwezo zimaonekera msonkhano uliwonse, ndipo wojambula wazaka makumi awiri pantchito amakhala benchi limodzi ndi woyamba kumene, onse kumva phunziro limene silikukwanira aliyense wa iwo.

Sitikunena kuti misonkhano yaifupi ithe. Pali zinthu zophunzirika m'masiku awiri: kuwerenga mgwirizano, kulembetsa ntchito ku bungwe lotolera ndalama za umwini, kulemba invoisi, kudziwa za msonkho. Koma luso la manja, la khutu ndi la thupi silimera motero. Woumba amadziwa uvuni wake atawotchamo kambirimbiri, ataona mbale zikung'aluka chifukwa dongo silinaume mpaka m'kati, kapena chifukwa moto unakwera msanga, kapena chifukwa anatsegula kusanazizire. Kuwotcha kumodzi, kuyambira kuumba, kuumitsa, kuwotcha mpaka kuziziritsa, kumatenga milungu. Wokonza zokuzira mawu amaphunzira kuletsa kulira kwa masipika akagwira ntchito m'maholo osiyanasiyana, lina la makoma osalala lobweza mawu, lina lodzaza anthu lomeza mawu, ali pambali pa wodziwa amene angamugwire dzanja pa mikisa nthawi yomweyo. Wopanga zida zoyimbira amadikira mtengo kuti uume miyezi yambiri asanauseme, ndipo akafulumira chidacho chimapindika chikafika kwa wogula. Mkonzi wa mabuku amakula akatenga buku limodzi kuyambira pa zolemba zoyamba mpaka kukasindikiza, wina wamkulu akuona zimene wafufuta ndi zimene wasiya. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimakwana m'chipinda cha hotela.

Njira yoti wophunzira akhale pa mapazi a mmisiri ndi yakale, koma m'malamulo anu ambiri mulibe, chifukwa mmisiriyo alibe sukulu yolembetsedwa kapena lisiti la chidindo. Dziko la Japan linaithetsa nkhaniyi kalekale. Pansi pa lamulo lawo loteteza chuma cha chikhalidwe la 1950, boma limazindikira amisiri osunga maluso ofunika kwambiri, ndipo aliyense amalandira mayeni 2 miliyoni pachaka kuti anole luso lake ndi kuphunzitsa omulowa m'malo. Simukufunika ndalama zochuluka choncho kuti muyambe. Chofunika ndi pepala limodzi losainidwa ndi anthu atatu, mmisiri, wophunzira ndi inu, lonena miyezi ingati, masiku angati pamlungu, maluso ati amene wophunzira ayenera kuwadziwa pomaliza, zipangizo agula ndani, ndi malipiro a aliyense pamwezi. Woimira thumba akaone kawiri, pakati ndi kumapeto. Zimene zimasokoneza ndondomeko yotere n'zodziwika, ndipo n'zotheka kuzitseka pasadakhale: wophunzira kusandutsidwa wantchito waulere, mmisiri kubisa mbali yovuta ya luso, kapena kukangana kuti zopangidwa nthawi ya maphunziro n'zayani. Zonsezi zimalembedwa m'pepala lija asanayambe.

Chogwirizana ndi zimenezi ndi kukana kulipira nthawi ya wophunzira. Mumalipira sukulu, ndege ndi malo ogona, koma mzere wa malipiro a mwiniwake mumaufufuta. Wogwira ntchito mu ofesi akapita kumaphunziro, malipiro ake a pamwezi amalowabe. Waluso akapita, lendi, chakudya cha ana ndi fizi zimapitirira, pamene zoimba, zogulitsa ndi maoda zaima. Mayi woyamwitsa kapena wosamalira wodwala ayenera kulipira womusiyira. Thumba la Developing Your Creative Practice, limene Arts Council England inayambitsa mu 2018, linakonzedwa kuti lizipereka ndalama kwa munthu payekha, osafuna kuti apeze gawo lina kwina, ndi kulola kuti wopempha adzilipire nthawi yake. Dziko la Ireland linapita patsogolo mu 2022 poyesa kupatsa aluso ndi ogwira ntchito zaluso 2,000 mayuro 325 pamlungu. Sitikupempha zofanana ndi zimenezo, tikungoonetsa kuti nthawi ya waluso ena amaiwerengera ngati ndalama yolowa m'bajeti.

Lamulo loletsa kugula zipangizo nalo limataya theka la phindu. Wojambula akaphunzira kusindikiza zithunzi pa makina amene sadzawagwiranso akabwerera, luso limazirala m'miyezi yochepa. Mantha anu ndi oti munthu agula kamera n'kuigulitsa. Ikani malire a gawo lololedwa, funani nambala ya chipangizocho, kaoneni patatha chaka. Kuletseratu ndi kulanga onse chifukwa cha ochepa.

Dandaulo lachinayi ndi loti ndani amawerengedwa. Ndalama zimatsatira amene amaonekera pasiteji. Koma sewero silichitika popanda wowunikira, wosoka zovala, woyang'anira siteji ndi wogulitsa matikiti. Woyimba wopanda maneja wodziwa migwirizano amasaina zomupweteka. Zinthu za m'nyumba zosungiramo zakale zimadyedwa ndi chinyezi ndi tizilombo pamene palibe wophunzitsidwa kuzisamala. Omasulira, okonza mabuku, okonza zida zikaonongeka, onsewa m'mafomu ambiri alibe bokosi loti achonge. Mukhoza kutumiza oyimba khumi kukaphunzira, koma ngati wokonza mawu ndi yemwe uja, omvera sadzamva kusiyana.

Malire a zaka nawo tiwaonenso. Matumba ambiri amati oyenera ndi a zaka zosapitirira 35. Achinyamata athandizidwe ndithu. Koma mayi amene anaima zaka khumi akulera ana, wabwerera ali ndi zaka 40, ndi woyamba kumene ngati wina aliyense. Wojambula wa zaka 50 amene ntchito yake yasinthidwa ndi makompyuta akufunika kuphunzira mwina kuposa mwana amene anabadwira m'zimenezo. Yezani zaka zimene munthu wakhala pantchito, osati zaka zake zobadwa. Ndipo musafune digiri ngati umboni wa luso: ntchito zimene wapanga ndi makalata awiri a anthu odziwika m'gawo lake n'zokwanira.

Za kasankhidwe tinena mwachidule, popanda kuloza chala aliyense. Pamene maina a oweruza sadziwika, mapointi sadziwika, ndipo wokanidwa amangolandira mzere umodzi womuthokoza chifukwa chopempha, mphekesera zimadzaza malowo, ngakhale zinthu zitayenda mwachilungamo. Bungwe la Canada Council for the Arts limagwiritsa ntchito aluso anzawo a opempha ngati oweruza, limawasinthasintha, ndipo limawalipira. Ku Ireland kuja, atatsimikiza amene akukwanira, anasankha mwa maere. Maere si oyenera paliponse, koma pamene mapempho makumi atatu apeza mapointi ofanana ndipo malo alipo khumi, amaposa kusankha amene dzina lake wina m'komiti analimvapo.

Chomaliza ndi lipoti ndi umwini. Lipoti la thandizo laling'ono limafanana kukula ndi la thandizo lalikulu, ndipo limafuna lisiti la chinthu chilichonse, ngakhale chogulidwa kwa munthu amene alibe buku la malisiti. Anthu oona mtima amakanika, ochenjera amapeza malisiti onse. Lipoti limafunidwanso patangotha mlungu umodzi kapena iwiri, pamene zipatso za maphunziro zimaoneka patatha chaka. M'migwirizano ina mumabisalanso ndime yopatsa thumba umwini wa chilichonse chopangidwa nthawi ya thandizo. Thandizo si kugula. Chimene mukufuna ndi chilolezo choonetsa ntchitoyo m'malipoti ndi pa masamba anu, ndipo chimenecho palibe angakane.

Tikudziwa kuti alipo ena pakati pathu amene analandira ndalama osapita kumene ananena, ndipo sitikuwaikira kumbuyo. Tikudziwanso kuti inu mumayankha kwa ounika mabuku ndi kwa eni ndalama. Zopempha zathu zili m'munsizi zaganizira zimenezo.

1. Perekani 80 peresenti ya thandizo pasanathe masiku 14 chisainireni mgwirizano, ndipo 20 peresenti yotsalayo lipoti likalandiridwa. Kubweza pambuyo kutsale kwa amene wakusankha yekha. Pa maphunziro opitirira miyezi 6, gawani ndalama m'magawo a miyezi itatuitatu.

2. Patulani thumba laling'ono lotseguka chaka chonse la maulendo ndi maphunziro aafupi, loyankha pasanathe milungu inayi. Pa thandizo lalikulu, itanitsani mafomu katatu pachaka, masiku ake alengezedwe chaka chikamayamba, ndipo nthawi yolemba isachepere milungu 6.

3. Zogulidwa ziyambe kuwerengedwa kuchokera tsiku la kalata yodziwitsa munthu kuti wapambana. Kalatayo ituluke tsiku lomwelo, pa pepala la chidindo, yotchula kuchuluka kwa ndalama, masiku ndi cholinga, kuti igwire ntchito ku ofesi ya viza. Viza ikakanidwa, zimene walipira kale zisasanduke ngongole yake, ndipo aloledwe kusintha ndondomeko m'miyezi 12.

4. Fomu ikhale ya magawo awiri. Gawo loyamba likhale tsamba limodzi kapena vidiyo ya mphindi zisanu loyankha mafunso anayi: ndinu yani ndipo mwapanga chiyani, mukufuna kuphunzira chiyani, kwa yani, ndipo chifukwa chiyani panopa. Bajeti yonse ndi mapepala a kubanki zifunidwe kwa okhawo amene adutsa. Landirani mapempho m'zilankhulo zimene opempha amalankhula, papepala komanso pa intaneti, ndipo lipirani othandiza olumala kuchokera m'thumba lapadera, osadula pa thandizo lawo.

5. Munthu payekha apemphe m'dzina lake, popanda satifiketi ya bungwe ndi popanda kufunidwa gawo la ndalama zochokera kwina. Kumene lamulo likukakamiza kudzera ku bungwe, malipiro a bungwelo mulipire inu pambali.

6. Lolani m'bajeti malipiro a nthawi ya wophunzira, kusamalira ana kapena odwala, viza, inshuwalansi, kunyamula zida, zodula za mabanki, ndi 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi. Zipangizo ziloledwe mpaka 25 peresenti ya thandizo.

7. Gawo losachepera limodzi mwa magawo atatu a ndalama zophunzitsira lipite ku maphunziro a miyezi 6 mpaka 12 pa mapazi a mmisiri, mmisiriyo akulipidwa ngati mphunzitsi. Msonkhano waufupi uliwonse uonetse poyera gawo la bajeti lopita kwa aphunzitsi ndi zipangizo.

8. Tchulani m'malamulo, ndi maina awo, ogwira ntchito za kuseri kwa siteji, mameneja, akonzi, omasulira, osamalira zinthu zakale ndi opanga zida, ndipo m'komiti yosankha mukhale mmodzi wa iwo. Chotsani malire a zaka zobadwa, kapena tsegulani khomo lachiwiri la obwerera ndi osintha ntchito.

9. Oweruza akhale ambiri mwa iwo anthu a ntchito yomweyo, olipidwa, osapitirira zaka ziwiri pampando, ndipo atuluke m'chipinda pokambidwa pempho la m'bale, bwenzi kapena wogwira naye ntchito. Lengezani kagawidwe ka mapointi mafomu asanatsegulidwe. Mukamaliza, sindikizani maina a oweruza, chiwerengero cha opempha, maina a opambana ndi ndalama zimene aliyense walandira. Wokanidwa alandire mapointi ake ndi ziganizo zitatu zonena pamene pempho lake linafooka.

10. Lipoti lilingane ndi kukula kwa thandizo. Pa laling'ono, tsamba limodzi, umboni woti anapitadi, ndi malisiti a zinthu zikuluzikulu zokha. Chakudya ndi mayendedwe a tsiku ndi tsiku ziwerengedwe pa mlingo wokhazikika wa patsiku. Kumene kulibe lisiti, landirani pepala losainidwa ndi wogulitsa. Patatha miyezi 12, muimbireni foni mumufunse chimene chasintha pa ntchito yake. Umwini wa ntchito ukhale wa mwiniwake.

11. Wodya ndalama abweze, ndipo asaloledwe kupemphanso kwa zaka zimene mungaike m'malamulo. Chilangocho chikhale chake yekha, chisasanduke lamulo latsopano lofinya aliyense.

Zambiri mwa izi sizikufuna ndalama zoonjezera, zikungofuna chigamulo cha bodi ndi kusintha ziganizo zingapo m'malamulo ndi m'mgwirizano. Zofuna ndalama ndi zitatu: kulipira oweruza, kuthandiza opempha olumala, ndi munthu mmodzi woyang'anira thumba lotseguka chaka chonse. Tikupempha kuti musanatsegule mafomu ena mutiyankhe poyera, mfundo ndi mfundo: zimene mwavomera, zimene mwakana, ndi lamulo limene likukuletsani ngati lilipo. Ngati choletsacho chili kwa ounika mabuku kapena kwa eni ndalama, tiuzeni ndime yake, tikalankhule nawo limodzi. Ndife okonzeka kukhala pansi ndi antchito anu, fomu ndi mgwirizano zili patebulo, kuzidutsa mzere ndi mzere.

Ndife anu mwaulemu,

Aluso ndi ogwira ntchito za chikhalidwe